TIPHUNZITSE ANA ATHU KUIMBA NTHANO NDI KULEMBA NKHANI

Madzulo ano mukatha kudya, taitanani mwana wanu wa Sitandade 5 kapena 6, mumpemphe kuti akuimbireni nthano imodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ambiri a inu mudzaona kuti mwanayo adzayamba bwino ndithu, koma asanafike pakati adzakakamira, nayamba kukanda m'mutu. Komatu mwana yemweyo angathe kukutchulirani maina a oseŵera mpira a ku England osaphonya ndi limodzi lomwe. Tsono nzeru ali nazo. Chimene chamsoŵa ndi munthu womphunzitsa kulumikiza mau kuti apange nkhani yomveka.

Ife aphunzitsi vuto limeneli timakumana nalo pa phunziro la chimangirizo. Mwana amene amakhoza masamu ndi kuloŵeza maina a mitsinje, mukamuuza kuti alembe tsamba limodzi la nkhani yochokera m'mutu mwake, amangoluma cholembera mpaka belu kulira. Wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani ya mayeso chabe. Iyai. Munthu wosadziŵa kufotokoza zinthu mwatsatanetsatane amagwa pa mlandu kubwalo la mfumu ngakhale ali wosalakwa. Amalephera kuuza dokotala m'mene matenda adayambira, ndipo kalata yake yofunsira ntchito amaikankhira pambali. Luso la kufotokoza nkhani ndi khasu limene mwana adzalimira moyo wake wonse, chotero tiyenera kumgwiritsa akali wamng'ono.

Sukulu ya pa mkeka

Makolo athu luso limeneli ankaliphunzitsa ngakhale analibe choko kapena bolodi. Zokolola zikaloŵa m'nkhokwe, ana ankasonkhana kukuka kwa agogo, kapena pabwalo mwezi ukuŵala. Woimba nthano ankayamba ndi mau akuti, "Padangokhala!" ndipo onse ankavomera kuti, "Tili tonse!" Iye akanena chiganizo, iwo ankavomeranso, kotero kuti amene waleka kuvomera ankadziŵika msanga kuti tulo tamgwira. Pakati pa nthano pankakhala nyimbo, ana onse nathira mang'ombe. Pomaliza woimbayo ankatuma omvera kuti akaphule mbatata pamoto, iwo nayankha kuti yapserera. Masana akulu ankaletsa nthano, pakuti masana ndi a ntchito.

Taonani nzeru zimene zidabisala m'mwambo umenewu. Mwana ankamva nthano imodzi kambirimbiri mpaka itakhazikika m'mutu. Tsiku lina agogo ankati, "Lero uimbe ndiwe." Akadumpha chigawo, anzake ankamkumbutsa pomwepo. Akaimba mozizira, ankadzionera yekha anzake akuyasamula, ndipo maŵa lake ankayesetsa kukulitsa liu pofika pa mau a Njovu ndi kulicheputsa pofika pa mau a Kalulu. Ankaphunzira kuti Kalulu ayenera kukhala Kalulu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wochenjera ndi wodzikonda, ndi kuti Kamba woyenda pang'onopang'ono uja ndiye amamgwira pa chitsime. Zimene ku sekondale amazitcha ampangankhani, tsatanetsatane wa nkhani ndi phunziro la nkhani, mwana wa zaka 7 ankazidziŵa kale, kungoti maina ake sankaŵadziŵa.

Lero m'makomo ambiri mkeka uja adaupinda. Madzulo ana ali kukanema wolipira pamsika, ena maso ali pa foni. Agogo ali kumudzi, adzukulu ali m'tauni, ndipo amaonana pa maliro pokha. Ntchito imene agogo ankagwira yatsala yopanda mwini, ndipo ngati ife makolo ndi aphunzitsi sitiitola, palibe wina adzaitole.

Kodi nkhani yopeka ndi bodza?

Alipo makolo ena oopa Mulungu amene amakayika pa nkhaniyi. Amafunsa kuti, "Ife timaphunzitsa mwana kunena zoona. Nanga inu mukamuuza kuti apeke nkhani, simukumphunzitsa bodza kodi?" Funsoli nlabwino, ndipo liyenera kuyankhidwa.

Bodza ndi mau amene munthu amanena kuti anyenge mnzake, kuti mnzakeyo akhulupirire chinthu chimene sichidachitike. Woimba nthano sanyenga munthu, popeza akangoti "Padangokhala," aliyense wadziŵa kale kuti zikubwerazo nzopeka. Kumbukirani mneneri Natani pa 2 Samueli 12. Davide atachimwa, Natani sadayambe ndi kumdzudzula. Adamfotokozera za munthu wolemera amene adalanda kamwana ka nkhosa ka mnansi wake wosauka. Mfumu idapsa mtima, niŵeruza wolemerayo, osadziŵa kuti ikudziŵeruza yokha. Nkhani idaloŵa pakhomo pamene chidzudzulo chikadapeza potseka. Ambuye Yesu naonso ankaphunzitsa ndi mafanizo, monga la Msamariya wachifundo pa Luka 10 ndi la mwana woloŵerera pa Luka 15. Chotero mwana wophunzira kupeka nkhani akuphunzira njira yakalekale yofikitsira choona pamtima pa munthu. Chimene tiyenera kumphunzitsa ndi kusiyanitsa nthaŵi. Pa nthano apeke momasuka, koma akafunsidwa amene waswa mtsuko, anene zenizeni.

Mphunzitsi amene adalemba buku

Achinyamata ena amayesa kuti olemba mabuku ndi anthu a kunja okhaokha kapena a madigiri. Tamvani za Samuel Josiah Nthara, amene anali mphunzitsi pa mishoni ya Nkhoma. Bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures linkachititsa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa. Nthara adatumizako nkhani yake yotchedwa Nthondo, napata mphotho. Bukulo lidatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 lidatulukanso m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa, atalimasulira mbusa T. Cullen Young amene adatumikirapo ku Livingstonia. Nthara sadapite kutali kukafuna nkhani. Adalemba za munthu wa kumudzi, kuyambira kubadwa kwake mpaka kumwalira, pamodzi ndi miyambo ya kwao ndi zolakwa zake, ndipo anthu a kutsidya kwa nyanja adaŵerenga ndi chidwi. Pambuyo pake adalembanso buku la mbiri ya Acheŵa.

Enanso adatsata m'mapazi momwemo. John Gwengwe adatenga nthano ya abale aŵiri, naikulitsa kukhala buku la Sikusinja ndi Gwenembe. Ezra Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani adalemba mabuku amene ambiri a ife tidaŵerenga tili pa sukulu. Onseŵa adatunga pa chitsime cha kwao. Mwana amene lero akuŵeta mbuzi kudambo ali nazo nkhani zokwanira buku lathunthu, akangopeza womsonyeza njira.

Mafuwa atatu

Mphika sukhazikika pa mafuwa aŵiri. Nkhaninso ili ndi mafuwa ake atatu, ndipo mwana akaŵadziŵa sasoŵanso poyambira. Fuwa loyamba ndi munthu amene akufuna kanthu. Lachiŵiri ndi chopinga chimene chamtsekera njira. Lachitatu ndi chimene munthuyo adasankha kuchita, pamodzi ndi zimene zidamgwera chifukwa cha kusankhako.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi walemba pa bolodi chiganizo ichi: "Mtsikana wina adatumidwa kuchigayo ndi chimanga ndi ndalama." Imeneyi ndi mbeu chabe, nkhani isanamere. Tsono afunse ana kuti mtsikanayu dzina lake ndani, ali ndi zaka zingati, ndipo ndalamazo amai ake adazipeza bwanji. Mwana wina adzati adagulitsa nkhuku yomaliza. Pamenepo kalasi yonse idzayamba kudera nkhaŵa ndalamazo. Afunsenso chimene chidachitika panjira. Wina adzati zidatayika pooloka mtsinje. Nanga mtsikanayo adatani? Apa ndipo pamatentha. Ena adzati adabwerera kukaulula. Ena adzati adanama kuti chigayo chafa. Wina adzati ali pa mzere wa kuchigayo adaona ndalama ya gogo wina itagwa pansi, naiponda ndi phazi.

Mphunzitsi asathamangire kuŵauza yankho labwino. Aŵalole atsutsane, kenaka gulu lililonse litsirize nkhaniyo m'njira yake, lionetse zimene zidamchitikira mtsikanayo atafika kunyumba. Pa mphindi 30 zokha anawo aphunzira kumanga nkhani, ndiponso asinkhasinkha za kuona mtima mozama kuposa m'mene akadachitira pomva chilangizo chachitali.

Makwerero ake

Mwana amayamba wakwaŵa asanayende, ndipo pakamwa pamatsogola dzanja. Ana a Sitandade 1 ndi 2 azingomva nthano, kuvomera, ndi kuiseŵera, wina akhale Fisi, wina akhale Kalulu. A Sitandade 3 ndi 4 aziibwereza ndi mau aoao, kenaka aziisintha. Afunseni kuti zikadatha bwanji Kamba akadapanda kubwera ku chitsime kuja. Kapena auzeni afotokoze nthano yomweyo ngati kuti iwo ndiwo Fisi, amene nthaŵi zonse timangomseka osamva mbali yake. Mwana amene wayesapo kuganiza monga Fisi wayamba kuphunzira kumvetsa munthu amene sagwirizana naye, ndipo phunziro limeneli lidzamthandiza ngakhale m'banja. A Sitandade 5 ndi 6 ayambe kulemba ndime imodzi kapena ziŵiri za nkhani imene aifotokoza kale pakamwa. A Sitandade 7 ndi 8 alembe nkhani yathunthu, ndipo azoloŵere kuilemba kaŵiri, koyamba kothira maganizo, kachiŵiri kokonza.

Mwana ayambe kupeka m'chilankhulo chimene amaganizira, kaya ndi Chicheŵa, Chitumbuka, Chiyao kapena china. Chingerezi nchofunika ndithu pa mayeso ndi pa ntchito. Koma mwana amene akulimbana ndi mau achilendo, nthaŵi yomweyo akulimbananso ndi kupeka, ali ngati munthu wosenza mitolo iŵiri pa mlatho wa mtengo umodzi. Akadziŵa kumanga nkhani m'chilankhulo cha amake, luso lomwelo adzaoloka nalo kupita ku Chingerezi.

Mau amoyo

Ana ambiri amalemba motere: "Amai adakwiya kwambiri." Chiganizochi nchoona, koma woŵerenga saona kanthu. Mfunseni mwanayo kuti amai ake akakwiya amatani. Adzaseka, nadzati amaika chipande pansi, namyang'ana osaphethira, namuitana ndi dzina lake lonse. Muuzeni alembe zimenezo. Woŵerenga adzadziŵa yekha kuti apa zinthu zavuta, ngakhale mau akuti kukwiya sadalembedwe.

Chilankhulo chathu chili ndi chuma china chimene ana amachisiya panja akamaloŵa m'kalasi, ndicho mvekero. Pocheza amati m'nyumba munali zii, maso ali psuu, mbale idagwa kuti phwa, koma pa pepala amaopa, poyesa kuti si mau a kusukulu. Alimbikitseni kuŵagwiritsa ntchito, koma monga mchere m'ndiwo. Miyambi nayonso imakometsa ikakhala pakamwa pa munthu woyenera. Gogo anene mwambi, koma kamwana ka zaka 6 kalankhule ngati kamwana. Njira yabwino yophunzitsira zimenezi ndi kutuma ana kuti akamvetsere m'mene anthu amalankhulira pa mjigo kapena pamsika, alembe ziganizo zisanu monga momwe azimvera popanda kutchula maina a eni ake, ndipo maŵa adzaŵerenge m'kalasi.

Matenda a nkhani za ana

Mphunzitsi aliyense amene wachongapo zimangirizo amaŵadziŵa matenda aŵa. Oyamba ndi kuyambira kutali. Mwana amadzuka, nasesa, nasamba, namwa phala, ndipo tsamba latha nkhani isanayambe. Muuzeni ayambire pafupi ndi pamene vuto likugwera. Achiŵiri ndi kupha anthu onse pomaliza, kapena kudzidzimuka nkupeza kuti anali maloto. Zonse ziŵirizi zimasonyeza kuti wolembayo watopa ndipo akuthaŵa fuwa lachitatu lija. Achitatu ndi kulemba za ku London kapena ku Dubai kumene mwanayo sadapondeko, ndi maina otola m'kanema, kusiya za pakhomo pake zimene amazidziŵa ndi fungo lomwe. Achinai ndi kupachika chilangizo chachitali kumapeto. Nkhani yophikidwa bwino phunziro lake limamveka lokha, monga Davide adadzimvera yekha.

Matenda oopsa kuposa onse ndi kuba. Masiku ano nkwapafupi kukopera nkhani ya wina pa foni nkulembapo dzina lako. Ana adziŵe kuti kubwereza nthano ya makolo ndi mau akoako nkololedwa, pakuti nthano ndi munda wa mudzi wonse, koma kutenga zolemba za munthu wina nkunena kuti nzako ndi kuba monga kuba nkhuku. Nkhani yopunduka yochokera m'mutu mwa mwana iposa yosalala yobedwa.

Cholembera chofiira

Kuyambira mu 1994, pamene sukulu za pulaimale zidakhala zaulere, makalasi ambiri adadzaza kotero kuti mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oposa 100. Aphunzitsi anzanga adzafunsa kuti makope onsewo adzaŵachonga liti. Yankho nlakuti si nkhani iliyonse iyenera kuchongedwa ndi mphunzitsi. Gaŵani ana m'magulu a asanu ndi atatu. Aliyense aŵerengere anzake mokweza, ndipo omverawo ayankhe mafunso aŵiri: ndi pati pamene padaŵakomera, ndipo ndi pati pamene sadamvetse. Khutu limagwira zolakwa zambiri zimene diso limadumpha. Gulu lisankhe nkhani imodzi yoŵerengedwa pamaso pa kalasi yonse, ndipo sabata yamaŵa mwai ugwere wina.

Pamene mukuchonga, sankhani chinthu chimodzi pa nthaŵi. Sabata ino muyang'ane ngati nkhani ili ndi mafuwa atatu, sabata inayo zizindikiro za m'kalembedwe. Kope limene labwerera lili psuu ndi inki limauza mwana kuti kulemba ndi msampha, ndipo ulendo wotsatira adzalemba ziganizo zitatu zokha kuti asakodwe. Yambani ndi kutchula chimene chakoma, ndipo muchitchule ndi dzina. Mau akuti, "Galu uja wandiseketsa," amamanga mwana kuposa kungolemba kuti wakhoza. Samalaninso ndi ichi: nthaŵi zina mwana amabisa chisoni chake chenicheni m'nkhani yopeka. Akalemba kaŵirikaŵiri za mwana wamasiye womenyedwa kapena wogona ndi njala, musaiŵerenge pagulu. Mpezereni mpata wocheza naye mofatsa, mwina akukupemphani thandizo m'njira yokhayo imene angathe.

Gawo la makolo

Mphunzitsi amakhala ndi mwana maora ochepa, otsalawo ndi anu. Sipafunika ndalama kapena maphunziro apamwamba. Patulani madzulo amodzi pa sabata, wailesi ndi mafoni zikhale chete, muimbe nthano imodzi, mwana nayenso aimbe yake. Magetsi akazima musangodandaula, yalani mkeka. Ngati nthano mudaziiŵala, fotokozani za moyo wanu: m'mene mudayendera ulendo woyamba wa pa basi, za njala ya mu 2002, za m'mene agogo ao adasamukira kumene mukukhalako. Ana amene amaoneka osamva amatchera khutu akamva kuti bambo ao naonso adathaŵapo galu.

Mwana akabwera kusukulu, m'malo mofunsa ngati wakhoza, muuzeni akufotokozereni chinthu chimodzi chimene chachitika, ndipo muzimfunsa kuti, "Kenaka?" Mau amodzi ameneŵa ndi mphunzitsi wamkulu wa tsatanetsatane. Musamdule pakamwa pofuna kumkonza. Mukapita kumudzi pa tchuthi, foni yomwe ija igwire ntchito yabwino. Mwana apemphe agogo kuti aŵajambule mau akuimba nthano, kenaka adzailembe m'kope. Nkhalamba iliyonse imene taiika m'manda osaifunsa yapita ndi nthano zimene palibe adzazimvenso. Aphunzitsi a Sande Sukulu naonso angathandize pouza ana kuti afotokoze okha nkhani imene aphunzira, m'malo mongoyankha mafunso.

Kwa inu achinyamata

Amene mumamva mtima ukukukokerani ku zolembalemba, musadikire kuti mudzakhale ndi kompyuta kapena kuti wina adzakupempheni. Gulani kope limodzi, mulembemo tsamba limodzi tsiku lililonse. Ŵerengani buku lililonse la Chicheŵa limene mungalipeze, ndipo mukalimaliza mudzifunse kuti mlembiyo adachita chiyani kuti inu musaliike pansi. Pezani anzanu aŵiri kapena atatu oti muziŵerengerana, anzanu onena zoona osati ongoyamikira. Nkhani yoyamba idzakhala yokhota, monga mzere woyamba wa mwana wophunzira kulima, koma khasu limazoloŵereka ndi kulima komweko. Ndipo mukadziŵa pang'ono, phunzitsani ang'ono anu, pakuti wophunzitsa mnzake amaphunzira kaŵiri.

Akulu adati kuongola mtengo mpoyamba. Ana amene lero akukhala pansi m'makalasi athu ndiwo adzakhale aphunzitsi, alaliki, oŵeruza milandu ndi makolo a maŵa, ndipo onseŵa ntchito yao idzakhala ya mau. Mabuku amene adzukulu athu adzaŵerenge m'chilankhulo chao sadzagwa kuchokera kumwamba ngati mvula, adzalembedwa ndi ana omweŵa. Tsono tisachedwe. Sabata ino lomwe, kholo lililonse liimbe nthano imodzi pakhomo pake, ndipo mphunzitsi aliyense alembe chiganizo chimodzi pa bolodi, afunse ana ake kuti, "Kenaka chidachitika nchiyani?"